Wogwira mwendo ndani? Mmene madokotala amapatulira ziwalo pa opaleshoni ya timabowo

Aliyense amene anaonererapo mbuzi ikusendedwa pa ukwati kapena pa sadaka akudziwa kuti ntchitoyi si ya munthu mmodzi. Pamakhala wa mpeni, pamakhalanso wogwira mwendo. Amene amatamandidwa ndi wa mpeni, koma wogwira mwendo akangolekerera pang'ono, mpeni umaphonya n'kuboola ndulu, nyama yonse n'kuwawa. Tsiku loipa mpeniwo umatera pa chala cha wogwirayo.

Mutikhululukire, awerengi okondedwa, poyerekeza munthu ndi mbuzi. Tayamba choncho chifukwa m'chipinda cha opaleshoni, chimene ambiri timangoti ku fiyeta, ntchito ya wogwira mwendo iliko ndithu, ndipo ndi yaikulu. M'mimba mwa munthu mulibe malo opanda kanthu. Chiwindi chimaphimba ndulu ndi mbali ina ya chifu, matumbo amadzaza paliponse, ndipo mafuta amayala pamwamba pake ngati chitenje. Dokotala sangadule chimene sakuchiona. Asanayambe chilichonse pamafunika kukankhira pambali ziwalo zimene zikutchinga ndi kuzigwira bwino mpaka ntchito itatha. Zipangizo zogwirira ntchito imeneyi achipatala amazitcha ma retractor.

Mwina mukufunsa kuti nkhani ya zitsulo za ku fiyeta ikufunanji m'kalata yathu ino. Chifukwa chake n'chakuti anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV akukhala ndi moyo zaka zambiri chifukwa cha ma ARV, amene ku Malawi anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Munthu akamakula amakumana ndi matenda a wina aliyense: miyala ya m'ndulu, zotupa za m'chiberekero, kutupa kwa apendikisi. Ena mwa matendawa amafuna opaleshoni. M'magulu othandizana mafunso amakhala awiri omwewo: kodi akadziwa kuti ndili ndi kachirombo adzandilandira, nanga bala lidzapola? Mafunso onse awiriwa akukhudzana ndi mmene ziwalo zimagwiridwira, monga tionere.

Zala m'bala

Pa opaleshoni yong'amba, imene ndiyo ikuchitika kwambiri m'zipatala zathu za m'maboma, dokotala kapena clinical officer amatsegula mimba kotalika mokwanira kulowetsa manja. Womuthandiza amaima mbali ina atagwira zitsulo zopindika ngati ngowe, n'kumakoka khoma la mimba kapena chiwindi. Ntchitoyi ndi yotopetsa. Munthu amatha kuima maola awiri kapena atatu mkono uli chikokere, pamene iye mwini sakuona n'komwe chimene chikuchitika pansi pa chitsulocho. Mkono ukatopa chitsulo chimaterereka, ndipo chiyeso chimakhala chongolowetsa zala n'kugwira mnofu pamene mnzake akusoka.

Apa ndi pamene ngozi zambiri za ku fiyeta zimachitikira. Chimene chimabaya kawirikawiri ndi singano yosokera, ndipo malo amene imakonda kutera ndi chala cha mkombaphala cha dzanja limene lagwira mnofu. Kafukufuku wa zaka zimene ma ARV anali asanafale anapeza kuti mwa anthu 1,000 obayidwa ndi singano ya magazi a munthu amene ali ndi HIV, pafupifupi atatu ndi amene amatenga kachiromboko. Singano yosokera ilibe mphako, choncho imanyamula magazi ochepa kuposa ya jakisoni. Wodwala akamamwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachirombo kusaoneka m'magazi, chiopsezocho chimatsika kwambiri. Palinso PEP, mankhwala amene wobayidwa amayamba kumwa pasanathe maola 72 n'kupitiriza kwa masiku 28. Kunena zoona, matenda a chiwindi a hepatitis B ndi amene amafala mosavuta kwambiri pa singano kuposa HIV, ndipo amenewa ali ndi katemera.

Mu 1987 bungwe la CDC ku America linalangiza kuti magazi a wodwala aliyense azionedwa ngati angathe kupatsira matenda, kaya munthuyo anayezetsa kapena ayi. Kuchokera pamenepo malamulo a ku fiyeta anasintha. Mpeni usaperekedwe dzanja ndi dzanja koma uikidwe m'kambale. Posoka minofu ya mkati pagwiritsidwe ntchito singano yosasongoka kwambiri ngati n'kotheka. Ena amavala magulovu awiri. Ndipo lamulo limene likukhudza nkhani yathuyi ndi ili: mnofu ugwiridwe ndi chitsulo, osati ndi zala. Tikaganizira bwino, malamulowa anachotsa chifukwa chilichonse chosalira munthu. Ngati wodwala aliyense akusamalidwa mofanana, palibenso chifukwa chobwezera wina kapena kumuika kumapeto kwa mndandanda chifukwa cha zotsatira za magazi ake.

Nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Ku Britain, dokotala amene ali ndi HIV ankaletsedwa kuchita ntchito zimene zala zimalowa m'thupi la wodwala osaoneka pamene pali zinthu zakuthwa. Chiletsochi chinachotsedwa mu 2014 kwa amene akumwa mankhwala, amene kuchuluka kwa kachirombo m'magazi mwawo kuli pansi pa 200 ndiponso amene akuyezedwa miyezi itatu iliyonse.

Mpweya, wogwira mwendo woyamba

Tsopano tiyeni tione opaleshoni ya timabowo, imene dzina lake la ku chipatala ndi laparoscopy. M'malo mong'amba, dokotala amaboola timabowo titatu kapena tinayi ta mamilimita 5 mpaka 12, n'kuikamo timapaipi. M'kapaipi kamodzi, kawirikawiri ka pamchombo, mumalowa kamera yokhala ndi nyali. M'tinato mumalowa zipangizo zowonda zotalika kuposa masentimita 30. Onse amayang'ana pa sikirini. Dzanja sililowa m'mimba, ndipo zitsulo zazikulu zokokera zija sizingakwane pa kabowo kochepa ngati chala. Nanga ziwalo zipatulidwa bwanji?

Yankho loyamba ndi mpweya. Mimba imapopedwa mpaka khoma lake litakwera ngati denga la tenti, n'kusiya malo pakati pa khomalo ndi matumbo. Nzeru imeneyi ndi yakale. Mu 1901 Georg Kelling, dokotala wa ku Dresden m'dziko la Germany, anapopa mimba ya galu n'kusuzumiramo ndi kachipangizo ka galasi. Mu 1910 Hans Christian Jacobaeus wa ku Stockholm anachita zimenezi pa anthu. Mu 1924 Richard Zollikofer wa ku Switzerland analimbikitsa mpweya wa carbon dioxide, umene ukugwirabe ntchito mpaka lero chifukwa suyaka moto pamene dokotala akuwotcha mitsempha ndi magetsi, komanso umasungunuka msanga m'magazi n'kutuluka popuma. Makina amasunga mphamvu ya mpweyawu pakati pa 12 ndi 15 pa muyeso womwe uja amayezera BP. Ikapitirira, mtima ndi mapapo zimapanikizika.

Singano imene ambiri amalowetsera mpweyawu ili ndi mbiri yokhudza matenda amene timawadziwa bwino. Anaipanga ndi János Veress wa ku Hungary, amene analemba za iyo mu 1938, ndipo sanaipangire opaleshoni ya timabowo ayi. Nthawi imeneyo mankhwala a TB kunalibe, ndiye madokotala ankalowetsa mpweya m'chifuwa kuti phapo lodwala lifwafwanizike n'kupumula. Mkati mwa singanoyi muli kandodo kosasongoka kokhala pa sipuling'i. Pamene singano ikuboola khoma lolimba, kandodoko kamabwerera m'mbuyo. Ikangotulukira pa malo a mphako, kandodoko kamalumphira kutsogolo n'kuphimba nsonga kuti isabaye chiwalo.

Komabe singanoyi imalowa dokotala asanaone kanthu. Munthu amene anachitidwapo opaleshoni, kapena amene anadwalapo TB ya m'mimba, nthawi zambiri matumbo ake amakhala atamatirira ku khoma. Kwa wotereyu madokotala amasankha njira imene Harrith Hasson wa ku Chicago anafotokoza mu 1971, yotsegula kabowo koyamba pang'onopang'ono akuona ndi maso. N'chifukwa chake dokotala akakufunsani za matenda amene munadwalapo, musabise za TB. Tionjezere kuti TB ya m'mimba imapezeka kawirikawiri mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika, ndipo imavuta kuizindikira. Pamene kuyeza madzi a m'mimba sikunapereke yankho, kamera imeneyi imatha kuonetsa timatuza toyera ngati mawere titamwazika pa khoma la mimba, dokotala n'kubudulako kamodzi kokayeza.

Kupendeketsa tebulo

Wogwira mwendo wachiwiri safuna malipiro. Matumbo amaterera, choncho amapita kumene kwatsika, monga amachitira madzi m'beseni. Pofuna kuona chiberekero, dokotala amapempha kuti tebulo lipendekeke mutu pansi miyendo m'mwamba, ndipo matumbo amasefukira cha kuchifuwa. Kagonedwe kameneka kamatchedwa ndi dzina la Friedrich Trendelenburg, dokotala wa ku Germany wa zaka za m'ma 1800. Pofuna ndulu amachita mosiyana: mutu m'mwamba, thupi lopendekera kumanzere. Wodwala amamangidwa bwino kuti asatsetsereke, ndipo wogonetsa tulo amayang'anitsitsa kapumidwe, poti matumbo ndi mpweya zikakankha mapapo kwa nthawi yaitali zimavutitsa.

Kukoka ndulu: pamene chala chimodzi cholakwika chimapweteka munthu

Tidikhe pang'ono pa opaleshoni yochotsa ndulu, chifukwa ndi imene inatchukitsa njira ya timabowo, ndiponso ndi imene inaphunzitsa madokotala kuti kakokedwe si nkhani yamasewera. Woyamba kuichita anali Erich Mühe ku Böblingen m'dziko la Germany mu 1985, ndipo anzake sanamulabadire. Philippe Mouret wa ku Lyon m'dziko la France anaichita mu 1987, ndipo patangopita zaka zochepa inafalikira ku Ulaya ndi ku America. Odwala anaikonda. Ululu unali wochepa, ankatuluka m'chipatala patapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zipsera zinali zosaoneka bwino.

Koma chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunaoneka vuto. Anthu ovulazidwa njira yaikulu ya ndulu anachuluka kuposa mmene zinkakhalira pa opaleshoni yong'amba. Kuti timvetse, tiyerekeze ndi msewu. Madzi a ndulu amapangidwa m'chiwindi n'kutsika ndi msewu waukulu kupita m'matumbo. Thumba la ndulu lili pambali, ndipo limalumikizidwa ku msewuwo ndi kanjira kakang'ono. Chofunika kudula ndi kanjirako. Msewu waukulu ukadulidwa, munthu amachita chikasu, madzi a ndulu amatayikira m'mimba, ndipo kukonza kwake kumafuna opaleshoni yaikulu ndi katswiri. Ena amavutika moyo wawo wonse.

Chimodzi mwa zimene zinkasocheretsa madokotala chinali kakokedwe. Thumba la ndulu likakokedwa lonse cha m'mwamba, kanjira kaja kamawongoka n'kukhala pa mzere umodzi ndi msewu waukulu, ndipo pa sikirini ziwirizi zimaoneka ngati chinthu chimodzi. Dokotala amadula ali wotsimikiza kuti akudula poyenera. Mankhwala ake ndi kukoka mbali ziwiri. Wothandiza amapana nsonga ya thumba n'kuikankhira m'mwamba cha ku phewa lamanja la wodwala, ndipo potero thumbalo limanyamulanso chiwindi ngati chivindikiro cha mphika. Kenako chopanira china chimagwira khosi la thumbalo n'kulikokera kunja, cha m'nthiti. Kanjira kaja kamapatukana ndi msewu, mphambano n'kuonekera.

Mu 1995 Steven Strasberg, dokotala wa ku St. Louis, pamodzi ndi anzake anaika lamulo limene likuphunzitsidwa padziko lonse: usadule kanthu mpaka utachotsa mafuta onse pamalopo, utamasula tsinde la thumba ku chiwindi, ndipo utaona ndi maso kuti zinthu zolowa m'thumbalo ndi ziwiri zokha, kanjira ka ndulu ndi mtsempha wake wa magazi. Zikakanika kuoneka chifukwa cha kutupa, dokotala wanzeru amachotsa mbali yokha ya thumba, kapena amasiya timabowo n'kung'amba. Wodwala akadzuka n'kupeza bala lalitali pamene anamulonjeza timabowo, asafulumire kunena kuti amulakwira. Nthawi zambiri ndiye kuti dokotalayo anakana kudula mongoganizira.

Pali chinanso chimene chimasowa pa njira imeneyi, ndicho kumva kwa zala. Chala chimadziwa chokha kuti apa ndafinya kwambiri. Chitsulo chotalika masentimita 30 chodutsa m'kapaipi sichinena zambiri. Komanso chimazungulira pa kabowo ngati nkhafi ya bwato, moti dzanja likapita kumanja nsonga imapita kumanzere. N'chifukwa chake ophunzira amayamba ndi kuyeserera m'bokosi, kutola timikanda ndi kumanga mfundo, asanakhudze munthu. Zopanira za matumbo zimakhala ndi milomo yaitali yopanda mano akuthwa kuti mphamvu igawike pa malo aakulu, ndipo lamulo lake ndi lakuti chitsulo chisayende kumene kamera sikuona.

Kunyamula chiwindi

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo n'chofewa, chodzaza magazi. Pa opaleshoni ya chifu kapena ya kumunsi kwa kummero, mbali yake ya kumanzere imagwa ngati nsalu yotchinga pakhomo. Zipangizo zoinyamulira zonse zimayankha mwambi umodzi: chinthu chilowe chowonda, chikafika mkati chikule.

China chimalowa chopindidwa, ndipo dokotala akapotokola chogwirira chimatambasula zala zake ngati chokupizira. Choopsa chake chili potseka, poti zalazo zimatha kupana mnofu. China chimalowa chofewa ngati njoka, chopangidwa ndi timfundo tachitsulo tolumikizana, ndipo chikamangidwa chimauma n'kupanga mkombero wa ngodya zitatu. Chotchuka kwambiri ndi cha Leslie Nathanson, dokotala wa ku Brisbane m'dziko la Australia. Ndi kandodo kachitsulo kopindika ngati ngowe, kolowera pa kabowo ka pansi pa fupa la pachifuwa, ndipo kunja kamamangiriridwa ku mkono wachitsulo wokhomedwa pa tebulo. Mkono umenewu sutopa, sunjenjemera, ndipo munthu uja akanagwira amamasuka kuchita zina. Koma popeza sutopa, sudandaulanso. Chiwindi chikapanikizika malo amodzi kwa maola ambiri, magazi sayenda bwino pamenepo, ndipo zotsatira za magazi a chiwindi zimakwera kwa masiku angapo. Dokotala wosamala amamasula chitsulocho nthawi ndi nthawi. Amene ali ndi hepatitis B pamodzi ndi HIV, kapena amene anauzidwapo kuti chiwindi chawo chili ndi vuto, anene zimenezi opaleshoni isanachitike.

Njira zina n'zosavuta. Ulusi umalowetsedwa pa khoma la mimba, n'kukoleka chiwalo, n'kutulukanso kunja kumene umamangidwa, moti chiwalocho chimalendewera ngati chovala pa chingwe. Kansalu kopindidwa kamakankha matumbo mofatsa kuposa chitsulo, koma kayenera kuwerengedwa polowa ndi potuluka. Mu 2016 boma la America linavomereza chipangizo cha kampani ya Levita chogwiritsa ntchito maginito: kachopanira kamasiyidwa mkati katagwira ndulu, ndipo maginito aakulu oikidwa pa khungu amakakoka popanda kuboola kabowo kena. Makina a da Vinci, amene anavomerezedwa kumeneko mu 2000, ali ndi mkono umene dokotala amauimika pamalo n'kuusiya utagwira. Izi ndi zodula kwambiri, ndipo sitichedwa nazo.

Kumene mpweya wa m'botolo kulibe

Mu 2015 gulu la akatswiri la magazini ya The Lancet linanena kuti anthu 5 biliyoni padziko lapansi sangathe kupeza opaleshoni yabwino ndi yotsika mtengo pa nthawi imene akuifuna. Opaleshoni ya timabowo imafuna mabotolo a carbon dioxide, magetsi osazimazima, makina opumitsa wodwala ndi katswiri wogonetsa tulo. Chipatala cha kumudzi zinthu zimenezi sichikhala nazo zonse tsiku lililonse.

Ndiye ena anafunsa kuti, ngati ntchito ya mpweya ndi kungokweza denga, bwanji osalikweza ndi chitsulo? Kachitsulo kozungulira kamalowetsedwa pamchombo n'kugwira khoma la mimba cha mkati, kenako kamakokedwa m'mwamba ndi mkono womangidwa pa tebulo. Madokotala a m'zipatala za kumidzi kumpoto chakummawa kwa India akhala akugwiritsa ntchito njira imeneyi, ndipo mothandizana ndi akatswiri a pa yunivesite ya Leeds anapanga chipangizo chotchedwa RAIS. Ku Uganda, akatswiri a pa yunivesite ya Makerere ndi ya Duke ku America anapanga china chotchedwa KeyLoop. Ubwino wake ndi wakuti wodwala akhoza kungobayidwa jakisoni wa pamsana, monga zimachitikira pa siza, m'malo mogonetsedwa tulo. Kuipa kwake n'kwakuti denga limakwera pakati pokha, m'mbali mumakhala mothina, ndipo kwa munthu wonenepa zimavuta.

Kwathu kuno iliponso opaleshoni ya kabala kakang'ono imene amayi ambiri akuidziwa, ngakhale ilibe kamera: kutseka kubereka. Kabala kake sikapitirira masentimita 5, ndipo mayi sagonetsedwa tulo, amangobayidwa mankhwala oletsa ululu pamalopo. Machubu a mazira ali pansi kwambiri, choncho wachipatala amalowetsa kandodo kudzera pa khomo la chiberekero n'kunyamula chiberekerocho mpaka chitafika pa kabalako, kenako amakola chubu ndi kangowe. M'malo mokulitsa bala kuti dzanja lifike pa chiwalo, chiwalo ndicho chimabwera pa bala. Tikukumbutsa amayi ndi abambo kuti kutseka kumateteza ku mimba kokha. Ku HIV ndi matenda opatsirana pogonana, kondomu ikufunikabe.

Bala laling'ono si labwino nthawi zonse

Kandodo konyamulira chiberekero kameneka kali ndi m'bale wake wamkulu amene amagwiritsidwa ntchito pochotsa chiberekero pa timabowo. Wothandiza amakhala kumiyendo n'kumatembenuza chiberekero kumanja, kumanzere, kutsogolo, kuti dokotala aone mitsempha ndi njira za mkodzo. Pa zotupa zimene si khansa, chipangizochi n'chothandiza kwambiri.

Pa khansa ya khomo la chiberekero nkhani inasintha mu 2018. Kafukufuku wotchedwa LACC, wotsogoleredwa ndi Pedro Ramirez ndipo wofalitsidwa mu New England Journal of Medicine, anatsatira amayi 631 a m'mayiko osiyanasiyana amene khansa yawo inali isanafalikire. Ena anachitidwa opaleshoni yong'amba, ena ya timabowo. Ambiri ankayembekeza kuti zotsatira zifanana. Koma patapita zaka zinayi ndi theka, amene khansa inali isanabwerere anali 96.5 peresenti mwa ong'ambidwa, pamene mwa a timabowo anali 86 peresenti. Omwalira analinso ochuluka ku mbali ya timabowo. Zina mwa zimene akatswiri akuziloza chala ndi chipangizo chotembenuzira chija, chimene chimakanikiza pa chotupa penipeni, komanso kutsegula njira ya amayi mkati mwa mimba yodzaza mpweya, kumene kungamwaze maselo a khansa. Kuchokera pamenepo, malangizo a mabungwe akuluakulu a khansa ku America ndi ku Ulaya anabwerera ku opaleshoni yong'amba pa matendawa.

Izi zikutikhudza kwambiri. Bungwe la WHO likuti mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo cha khansa ya khomo la chiberekero kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansayi ikupha amayi ambiri. Ife tikuona kuti mayi amene wauzidwa kuti ang'ambidwa pamimba chifukwa cha khansayi sakulandira chithandizo chachikale kapena cha anthu osauka. Akulandira chimene akanalandira ku Houston kapena ku London. Ndipo njira yabwino koposa ndi yosafika n'komwe pa opaleshoniyo. Kachipangizo ka milomo iwiri ngati ya bakha kamene anamwino amatsegulira njira ya amayi poyeza khansa nakonso ndi retractor. Kamazizira ndipo kamachititsa manyazi, tikudziwa. Koma kakatsegula kwa mphindi zochepa, khomo la chiberekero limaoneka, ndipo malo amene ayamba kusintha amatha kuwotchedwa kapena kuumitsidwa, kawirikawiri tsiku lomwelo, popanda bala lililonse pamimba.

Ngati mwauzidwa za opaleshoni

Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, kachirombo kake kakusaoneka m'magazi ndipo chitetezo chake chili bwino, amapola mofanana ndi wina aliyense. Chimene chimachedwetsa bala ndi chitetezo chotsika kwambiri, kusowa kwa zakudya m'thupi, kuchepa kwa magazi, shuga ndi fodya. Pa opaleshoni yosafulumira, dokotala akhoza kupempha kuti izi zikonzedwe kaye. Pa yadzidzidzi, monga apendikisi yophulika kapena mimba yokhala m'chubu, palibe kudikira zotsatira za magazi. Kumene njira ya timabowo ilipo ndipo ndi yoyenera matendawo, imathandiza chifukwa mabala aang'ono sachita mafinya kawirikawiri, ndipo munthu amadzuka n'kuyenda msanga.

Tengani buku lanu la kuchipatala ndi botolo la mankhwala, muonetse wogonetsa tulo. Ma ARV ena, makamaka amene ali ndi ritonavir, amachedwetsa thupi kuchotsa mankhwala ogonetsa monga midazolam, ndipo iye ayenera kudziwiratu kuti asinthe muyeso. Akakuuzani kuti musadye kanthu, funsani nthawi yomwera ma ARV anu. Kawirikawiri amaloledwa ndi madzi pang'ono. Musasiye kumwa mwa nokha.

Mukachitidwa ya timabowo musadabwe kumva kupweteka pa phewa, nthawi zambiri lamanja, pamene phewalo silinakhudzidwe. Ndi mpweya wotsalira umene ukunyanyula mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo mtsempha wa mnofu umenewu umachokera m'khosi, malo amodzi ndi wa paphewa. Zimatha patapita masiku awiri kapena atatu, ndipo kuyendayenda kumathandiza. Zimene siziyenera kudikira ndi izi: ululu wa m'mimba umene ukukulirakulira m'malo mochepa, mimba kutupa ndi kuuma, kutentha thupi, kusanza kosalekeza, maso achikasu, kapena madzi obiriwira otuluka pa kabowo. Thumbo limene lapanidwa kapena kupsa ndi magetsi limatha kuboola patapita masiku angapo, munthu ali kale kunyumba ndipo timabala ta pakhungu tikuoneka touma bwinobwino. Zikatero bwererani ku chipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana, ndipo pofika pa khomo nenani tsiku limene munachitidwa opaleshoni ndi chiwalo chimene anagwira.